Ndinakafunsira Mwayi ku Namitete

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa. Koma poti anyamata a kabaza a pa Namitete anaimwaza kale, ndipo aliyense amathirako mchere wake, bola ndiikambe ndekha mwini manyazi.

Dzina langa ndine Kalisito, kwathu ndi ku Nambuma. Nditangomaliza Fomu 4 ndinapeza ntchito msanga, ndipo ndinaisiyanso msanga. Pa zaka ziwiri ndinali nditagulitsapo feteleza mu sitolo ina ku Nsaru, nditasankhapo fodya pa esiteti ina ku Mpingu, nditakhalapo m'kakontena kotumizira ndalama pa foni pa Njewa, komanso nditaphunzitsapo Sitandade 3 pa kasukulu ka pulayiveti ku Kabudula.

Musandiweruze msanga. Ine ndinabadwa ndi mphuno yonunkhiza chinyengo chikadali patali. Bwana akandimwetulira m'mawa, ndimadziwiratu kuti malipiro achedwa. Akandigulira tchipisi, ndiye kuti Lamulungu ndigwira ntchito. Akangonena kuti "pano ndife banja limodzi", pamenepo ndimayamba kulongedza chikwama.

Mavuto anayamba pamene ndinkafuna ntchito yachisanu. Bwana aliyense akaona sivi yanga, pepala la mbiri ya ntchito zanga, ankakweza nsidze. Wina wa sitolo ya zitsulo anandifunsa kuti, "Achimwene, iyi ndi sivi kapena ulendo wa minibasi? Siteji iliyonse mukutsika." Wina anati anditenga, koma pa malipiro a munthu woyamba kumene, chifukwa akuti miyezi itatuitatu si ekisipiriyensi, ndi kucheza. Ndinakana monyada. Ndinayamba kukayikira kuti mabwana onse a mu msewu wa Mchinji ali ndi gulu lawo pa foni, ndipo chithunzi changa chimazungulira m'menemo.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa alamu anga pa Namitete, amuna awo a achemwali anga. Alamu ndi munthu wosalankhula zambiri, koma tsiku lina anandiuza mosapsatira kuti mvula ikagwa ndilibe ntchito, ndibwerere ku Nambuma ndikagwire khasu. Ine khasu ndimaliopa kuposa njoka. Ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Mchinji.

Amene anandibweretsera nkhani yabwino anali mnzanga Daisoni, wa kabaza.

"Aise, ku sitolo ya mbewu ya a Mbewe kuli mwayi. Mnyamata amene ankagulitsa uja wathawa."

"Wathawa chifukwa chani?"

"Iwenso uzifunsa zimenezo? Tamvera. Vuto lako umapita ku intavyu ngati wolakwa. Ku tauni munthu wosinthasintha ntchito ndiye wodula. Ukafika usabise kanthu, unene zonse monyadira, ndipo nkhani ya malipiro uyambitse ndiwe."

Daisoni ku tauni amangopitako kokagula matayala, koma mawu akewo anandikhala pamtima.

Loweruka m'mawa ndinabwereka jekete ndi nsapato za alamu, sivi ndinaipinda m'thumba, ulendo. Mu sitolomo ndinapezamo mayi wina atavala chitenje cha ku tchalitchi, akuyezera anthu mbewu ya chimanga. Ndinadikira mpata, kenako ndinaweramira pa kauntala mwaulemu.

"Zikomo mayi. Ndamva kuti pano pali mwayi, ndiye ndabwera kudzafunsira."

Mayiwo anaika chikho pansi n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi.

"Ndinu amene?"

"Ndine amene, mayi."

"Nanga mwalawira bwanji? Ife timati mufika masana."

Ine sindinauze munthu aliyense kuti ndibwera, kupatula Daisoni. Ndiye iwo ankandiyembekezera bwanji? Gulu la pa foni lija, ndinatero mumtima, lilipodi.

Mayiwo anatulutsa makasitomala, n'kutseka sitolo ndi loko. Sitolo ya mbewu kutseka mvula ili pafupi, chifukwa cha ine? Ndinawatsatira kupita ku nyumba ya kuseri, maso ali uku ndi uku.

Apa ndikuuzeni zimene ine sindinkadziwa. Mayiwo anali a Nambewe, mlongo wawo wa a Mbewe eni sitolo, ndipo anali ndi mwana wamkazi amene ankaphunzira zosoka ku Lilongwe. Mtsikanayo anali atauza akwawo kuti Loweruka limenelo kubwera mnyamata wodzaonekera kwa amalume ake kuti nkhani ya ukwati iyambike. Pakhomopo panalibe amene anali atamuonapo mnyamatayo, ndipo za wantchito wothawa uja tsiku limenelo palibe amene ankaziganizira. Dzina la mtsikanayo linali Mwayi.

Pa maintavyu onse amene ndinapitako ankandiimika ngati wakuba nkhuku. Apa anandikhazika pakhonde, pa mpando wa khushoni wofunditsidwa kansalu koluka, n'kundipatsa thobwa m'kapu ya galasi. Thobwalo ndinangolinyambita. Bwana wokupatsa thobwa usanagwire ntchito amadzalidula pa malipiro.

Posakhalitsa anatulukira a Mbewe, aatali, magalasi ali pamphuno. Pambuyo pawo panali a Sitefano, mkulu wa mphakati wa ku tchalitchi kwawo. A Nambewe anakhala pamphasa cha pambali. Anthu atatu, pa ntchito yonyamula matumba a feteleza. Ndinaona kuti apa pali china chake.

"Tiyambe ndi pemphero," anatero a Sitefano.

Tinaweramitsa mitu, koma ine diso limodzi ndinalisiya lotsegula.

"Ambuye, dalitsani zimene tikuyamba lerozi. Mgwirizano umenewu ukhale wolimba, pa mtendere ndi pa mavuto, mpaka imfa."

Mpaka imfa? Kontirakiti yotere sindinaimvepo ngakhale ku esiteti ya fodya. Ameni wanga anatuluka wofooka.

A Mbewe anakonza kukhosi. "Takulandirani, bambo. Koma mwabwera nokha? Amalume anu ali kuti?"

Dziko laipadi, ndinatero mumtima. Masiku ano ngakhale ntchito yogulitsa mbewu ikufuna ukhale ndi malume wokukankha.

"Ine zinthu zanga ndimayendetsa ndekha, bwana. Amalume sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno."

Atatuwo anayang'anana.

"Musanditchule bwana," anatero a Mbewe. "Zikayenda bwino, mukhala wa pa banja pompano."

Ndi amenewo mawu aja. Sindinagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi, a banja limodzi ayamba kale. Ndikanakhala kuti sindinakumbukire khasu la ku Nambuma, ndikanadzuka pomwepo.

"Tiuzeni," anapitiriza a Mbewe, "za Mwayi munadziwa bwanji?"

"Anandiuza mnzanga wa kabaza. Akuti pa siteji aliyense akudziwa kuti amene analipo uja anathawa, ndiye malo alipo."

A Nambewe anadzidzimuka. "Amene analipo? Analipo ndani?"

"Dzina sindikulidziwa, mayi. Ndangomva kuti anaona kuti sangakwanitse."

Mayiwo anagwira pakamwa n'kuyang'ana ku khitchini. Ine ndinangoseka mumtima. Taonani akudziyesa osadziwa, chonsecho mnyamatayo anamuzunza okha.

A Sitefano anasendera kutsogolo. "Pepani bambo, funso ili timafunsa aliyense. Kodi aka n'koyamba kufunsira?"

Nthawi ya malangizo a Daisoni inali itakwana. Ndinakhala tsonga, n'kukonza kolala ya jekete ya alamu.

"Ayi ndithu. Pa nkhani imeneyi musade nkhawa, sindine wophunzira. Pa zaka ziwiri zokha ndalowapo malo anayi."

"Anayi," anabwereza a Sitefano motsitsa mawu. "Kulowa kwenikweni, kapena kungocheza?"

Mawu akuti kucheza aja ananditsina, chifukwa ndi omwe ananena bwana uja.

"Kulowa kwenikweni. Kwina mpaka ndinkagona komweko."

"Nanga munkachokeranji?" anafunsa a Mbewe.

"Ku Nsaru poyamba kunali bwino, koma kunachuluka kulongolola. Ukachedwa pang'ono, mafunso. Ukagwira foni, mafunso. Tsiku lina ndinangonyamula chikwama, osatsanzika."

"Osatsanzika."

"Eya. Ku Mpingu nakonso ankangondifuna nyengo ya fodya. Fodya atatha, ubale unathanso."

Apa a Sitefano anagwedeza mutu pang'ono. "Zimenezo ndiye zimachitikadi," anatero. Ndinaona kuti m'modzi ndamukoka.

"Pa Njewa sindinganame, ankandisamala bwino. Koma ndili pomwepo ndinamva kuti ku Kabudula kuli mwayi wina wabwino kuposa pamenepo, ndiye ndinasamuka."

"Mwayi winanso?" anatero a Nambewe.

"Mwayi uli ponseponse, mayi, bola munthu kutsegula maso."

A Mbewe anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa malaya. Atawavalanso anandiyang'ana m'maso.

"Ku Kabudulako, simunasiyeko ana?"

Za uphunzitsi ndinali ndisanatchule, sivi inali idakali m'thumba. Anadziwa bwanji? Apa ndinatsimikiza kuti ahedi a kasukulu kaja nawonso ali m'gulu lija. Ndinaganiza kuti bola ndivomere ndekha asanandigwire bodza.

"Poti mwamva kale, sindibisa. Ana ndinasiyako."

"Angati?"

"Ambiri ndithu. Ena ndinaiwala ndi maina omwe."

"Munakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi itatu."

"Miyezi itatu, ana ambiri?" Mawu a a Nambewe anakwera.

"Ena ndinawapeza, ena anabwera ndili komweko. Tsiku lochoka analira kwambiri, koma mukudziwa ana amaiwala msanga. Ndikumva kuti anapezeka wina amene akuwayang'anira."

A Sitefano anapisa m'thumba n'kutulutsa kolona. Sanapemphere, anangoigwira.

Panakhala chete. Ine chete ameneyu ndimamudziwa. Ndi chete wa mabwana akaona kuti munthu ndi wodziwa zinthu, ndiye akuwerengera mumtima momwe angamupondereze pa malipiro. Ndinati ndisawapatse mpata.

"Tsopano inenso ndifunseko mbali yanga. Pa mwezi muzindipatsa zingati?"

"Tizikupatsani?" anatero a Mbewe. "Ife?"

"Eya. Ndipo ndineneretu, za malipiro a munthu woyamba kumene ine sindilola. Ekisipiriyensi mwaimva nokha."

A Mbewe anapuma mozama, ngati munthu amene akukumbutsa mtima wake kuti ndi Mkhristu.

"Bambo, mwina kwanu zimasiyana. Kuno ife timakupatsani malo. Nyumba mumamanga nokha, munda mumalima, ndipo mumasamala pakhomo."

"Kumanga ndekha? Ku Mpingu ndinapeza nyumba yomangamanga, ya amene analipo kale. Za munda nazo, pepani, si zimene ndabwerera. Pamenepo muikepo wina."

"Tiikepo wina," anatero a Sitefano, akuyang'ana kudenga.

"Komanso zija munanena m'pemphero zija, zakuti mpaka imfa, tisathamange. Tiyambe tayeserana miyezi itatu. Mukaona kuti sindikukwanitsa, mundiuze. Inenso ndikapeza pena pabwino ndidzakuuzani, masiku ano ndinaphunzira kutsanzika. Chomaliza, Lamulungu ndi tsiku langa la ofu, musamandifune."

Ndinatsamira pa khushoni ndili wokhutira. Sindinayambe ndalankhulapo bwino chonchi pa intavyu.

A Nambewe anadzuka pamphasa n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Achimwene, ine ndamva zokwanira. Mwayi! Tabwera kuno!"

Ndinadabwa. Mwayi amauitana ngati nkhuku? Koma ku khitchini kunatuluka mtsikana wovala diresi yatsopano, tsitsi lomanga bwino. Anafika n'kugwada pafupi ndi mayi ake, maso ali pansi, akumwetulira mwamanyazi.

"Iwe," anatero a Nambewe, "munthu ameneyu unamutola kuti? Ndipo amene anathawa uja ndi ndani, amene pa siteji akumudziwa koma ine mayi ako osamudziwa?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana. Kumwetulira kuja kunazima.

"Amayi, awa ndi ndani?"

"Ukufunsa ine? Si amene akukufunsira?"

"Ine awa sindinawaonepo chibadwire."

Maso onse anatembenukira kwa ine. M'mutu mwanga zinthu zinayamba kulumikizana pang'onopang'ono: amalume, pemphero, malo omanga nyumba. Thukuta linatsika mu jekete ya alamu mpaka m'chiuno.

"Pepani mayi," ndinatero ndi mawu a mwana wa Sitandade 3. "Kodi Mwayi ndi munthu?"

Asanayankhe, pabwalo panaima makabaza awiri. Pa imodzi panatsika mnyamata wa suti yakuda, pa inayo bambo wachikulire wa chipewa. Mtsikana uja anati, "Si awo akubwerawo," ndipo anathawira ku khitchini. Woyendetsa kabaza ya kutsogolo anali Daisoni. Atandiona pa mpando wa khushoni, kapu ya galasi ili pambali, anaimika chala chachikulu.

"Aise, yatheka?"

Ndikanakhala ndi mwala pafupi, lero bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Ndinatulutsa sivi m'thumba n'kufotokoza kuti ine ndimafuna ntchito ya mu sitolo. A Sitefano anayamba kuseka mpaka kutsokomola, kolona ikugwedezeka m'manja. A Mbewe anabisa nkhope ndi manja awo. A Nambewe okha ndi amene sanaseke.

"Nanga ana a ku Kabudula?"

"Ana a sukulu, mayi. Ndinali mphunzitsi."

"Hmm," anatero, mwa munthu amene sanakhutire.

Mpando wa khushoni anandilanda n'kuupereka kwa mwini wake. Mnyamatayo dzina lake linali Benedikito, wofatsa, wooneka kuti usiku wonse anakonzekera mawu aulemu. Koma ine ndinali nditawononga kale mitima ya anthu. Asanakhale n'komwe pansi, a Nambewe anamuponyera funso.

"Inu, ku Kabudula munafikako?"

"Ayi, mayi."

"Ku Nsaru? Ku Mpingu?"

"Ayi, mayi. Kodi kwachitika chiyani?"

"Palibe. Ana muli nawo angati?"

Mnyamatayo anayang'ana amalume ake, bambo wa chipewa uja, amalume akewo anayang'ana ine. Ndinamumvera chisoni kwambiri.

Munthu wanzeru akanachoka pomwepo. Koma nditayang'ana kumwamba, mitambo inali itada kuposa m'mawa. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo, n'kumadikira. Mphepo inkandibweretsera zidutswa za nkhani ya pakhonde. Ndinamva kuti Benedikito chichokereni ku sukulu wagwira pa chigayo chimodzi chokha ku Lilongwe, ndipo ali wokonzeka kusamukira kuno akakwatira. Ndinamvanso a Sitefano akupemphera kachiwiri, ulendo uno Ameni wake anamveka mpaka ku msewu.

Alendo atachoka, a Mbewe anabwera kudzatsegula sitolo. Ndinadzuka n'kuwapatsa sivi ndi manja awiri.

"Bwana, nanga za mwayi winawo? Wa mu sitolo?"

Anaiwerenga yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale kumbuyoko kunalibe kanthu.

"Mwana wanga, lero mwatiseketsa, sindikana. Koma mayankho munapereka aja, ngakhale titachotsamo ukwati, ndi omwewo. Ine kuti ndiphunzitse munthu mitundu ya mbewu ndi mankhwala a mbozi pamatha miyezi itatu. Inu pa miyezi itatu mumakhala mukutsanzika."

"Ndasintha, bwana. Ngakhale malipiro a woyamba kumene ndilola. Lamulungu ndizibwera."

"Mwachedwa. Malowo ndangowapereka kumene."

"Kwa ndani?"

"Kwa mkamwini."

Mphuno yanga ija inali isananame, chinyengo chinalipo ndithu.

"Benedikito? Munthu wa pa chigayo? Za feteleza akudziwapo chiyani ameneyo?"

"Sakudziwa ngakhale pang'ono," anatero a Mbewe akutsegula loko. "Koma ameneyo amanga nyumba kuseri kuno, mkazi wake ndi mwana wa mlongo wanga, ansembe adzawadalitsa mpaka imfa. Tandiuzani inu a ekisipiriyensi: malipiro akachedwa, athawira kuti?"

Mvula inagwa sabata yomweyo, ndipo ndikulemba izi m'manja muli matuza.

Anzanga, mukapita kofunsira, muzitchula chimene mukufunsiracho musanakhale pansi.